Mpata wa Zala Zitatu

Dayton, Ohio
5 Malichi 1967

Wokondedwa Verlie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti mutu umandiwawa m'mawa, koma pofika masana umasiya. Usade nazo nkhawa.

Ndaikamo madola khumi ndi asanu. Umugulire Junie nsapato, koma osati zoyera zija akulirira, matope a ku Cutshin sadziwa zoyera. Nazale ya fodya mwatentha kale? Usadikire, mvula ikabweranso zitsotso zinyowa. Ndalota kawiri ng'ombe ija itathyola mpanda, ukaone mbali ya kumtsinje.

Mlongo wako Doyle ndi mkazi wake Maxine akupereka moni. Kunena zoona wapereka moni ndi Doyle.

Kuno kwabuka nkhani. Anthu a kutsidya kwa msewu aikitsa makina otsekula chitseko cha galaja. Munthu amangodina kabokosi ali m'galimoto, chitseko n'kukwera chokha. Maxine wachiona, tulo sakupeza. Ine ndimakhoma zitseko zimenezi kwa Bambo Hochwalt kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, koma mpaka lero sindimvetsa munthu wa manja awiri abwinobwino kufuna mota yomunyamulira chitseko. Iwe umasenza ndowa ziwiri kuchokera kukasupe, unapemphapo mota?

Komabe ndalama ndi zawo, akanagula ine osanena kanthu. Chandipweteka ndi ichi. Ukukumbukira chaka chatha Maxine atafuna chipinda chija cha m'nyumba kuti aikemo makina osokera, ine ndi Doyle tinakhoma matabwa pamwamba m'galaja, ndipo ndimagona pamenepo, galimoto ili pansi panga. Lachinayi tikudya, Maxine anati, "Munthu wa kusitolo anabwera kudzayeza. Akuti makinawo sangalowe, m'mwamba mwachepa. Akuti matabwa achoke."

Ndinati, "Matabwa ake ati?"

"A pamwamba aja."

"Amene ndimagonapo aja?"

Doyle anangoti, "Tandipatsira nyembazo, Maxine."

Verlie, tamva. Ine ndimadya nawo patebulo limodzi, ntchito yanga ndi yomweyi, koma iwo kukaitana mlendo wa tayi kudzayeza pansi pa bedi langa ine ndili kuntchito! Ndinapita ndekha kukayeza. Chitsekocho chikamakwera chimayenda pa njanji ziwiri, kenaka chimapinda n'kugona pansi pa matabwa. Makinawo ali ndi mtanda wake wachitsulo woyenera kudutsa pakati pa chitseko ndi matabwa, ndipo umafuna mpata wa zala zitatu. Mpata umene ulipo ndi wa chala chimodzi. Wa tayi uja sananame, koma pa zala ziwiri zokha munthu n'kumugwetsera pogona?

Ndawauza kuti asagwire msomali ngakhale umodzi. Ndiganiza njira.

Ndine mwamuna wako,
Estill


19 Malichi 1967

Wokondedwa Verlie,

Moni kwa iwe ndi ana. Kalata yako ndalandira, ndakondwa kuti Junie chifuwa chasiya. Usamusiye ayende wopanda chipewa ngakhale dzuwa litawala, Malichi ndi wabodza. Ine ndili bwino. Za mutu zija zikadalipo pang'ono, makamaka masiku amene Maxine amalizira galimoto m'galaja kuti itenthe asananyamuke. Ndinamuuza kamodzi. Sindimuuzanso.

Ulendo uno ndaikamo madola khumi okha, ndikuuza chifukwa chake. Kuntchito ndimayenda ndi mkulu wina dzina lake Purcell, wa ku Alabama, amene wakhoma zitseko kuyambira ine ndili kumgodi. Nditamufotokozera, anatsegula bokosi la kumbuyo kwa lole natulutsa tizitsulo tiwiri tokhota. Timamangidwa pa ngodya ziwiri za pamwamba pa chitseko, m'malo mwa timene timagwira timawilo. Ntchito yake n'kuchititsa kuti chigawo cha pamwamba chipinde msanga, chisakwere kwambiri chisanagone. Bambo Hochwalt anandidula pa malipiro. Doyle sindinamuuze mtengo, ndipo iye sanafunse.

Ndakhoma lero tsiku la Mulungu, undikhululukire, tsiku lina ndilibe. Sipuling'i yokoka chitseko ndinaimasula mosamala monga umandiuzira, zala zonse khumi zilipo. Nditakweza chitseko n'kupisa dzanja, zala ziwiri zinalowa bwinobwino, chachitatu chinalowa theka n'kukakamira. Ndinayesa kumasula apa, kumanga apo, koma ayi ndithu.

Maxine anali ataima pakhomo ndi khofi wake. Anati, "Ndiye kuti zakanika eti?"

Ukanamva mawu ake, Verlie. Ngati munthu amene wauzidwa kuti wapata mphoto. Kusangalala kuti mlamu wake walephera! Ndinatsika pa makwerero n'kumuuza kuti, "Mayi, sizinakanike. Kwatsala theka la chala."

"Theka kapena chala chonse, makina sakulowa."

"Alowa."

"Estill, usadzivutitse. Wagwira kale ntchito yambiri."

Wamva? Usadzivutitse. Akuyesa kuti anthu a kuphiri timangodziwa kukumba malasha ndi kuweta nkhumba. Doyle anali m'nyumba akuonera mpira, sanatuluke n'komwe.

Usiku wonse ndimangowerengera. Chipinda cha lendi kuno ndi madola khumi ndi awiri pa sabata, chakudya chapadera. Ndikatuluka muno, zimene ndimakutumizirazi zithera pomwepo, ndiye malata a nyumba tidzagula liti? Ndiye sindituluka. Njira ina ilipo, Purcell waitchula.

Mbewu ya mbatata usagule kwa Sizemore, chaka chatha anatigulitsa yoola.

Mwamuna wako,
Estill


9 Epulo 1967

Wokondedwa Verlie,

Moni nonse. Ine ndikudzuka. Ndachedwa kulemba chifukwa kalata yako inandikhumudwitsa, ndinati mtima uyambe watsika.

Ukuti ndisalimbane ndi Maxine, pakhomo ndi pake. Ndani akulimbana naye? Ine ndikumukonzera chinthu chimene wapempha yekha. Ukutinso mwina Doyle ali pakati, sakudziwa kolowera. Pakati pa chiyani? Amayi anu atamwalira Doyle anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anabwera kwathu ndi kathumba kamodzi ka pepala. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, iwe uli ndi pakati, koma kodi tinamuyeza ndi tepi kuti tione ngati akwana? Anagona pafupi ndi mbaula, malo ofunda kuposa athu. Chikondamoyo ukachotsa pamoto, chidutswa cha pakona chopsa bwino chija chinali chake. Tsiku limene ankabwera kuno kudzafuna ntchito, ndinagulitsa thole langa kuti akwere basi. Sindikuwerengetsa, Verlie. Kwathu amene wafika kumpoto amatsegulira anzake chitseko, ndi mmene aliyense anabwerera kuno. Doyle akudziwa zimenezi. Ndiye usandiuze za pakati.

Za chitseko zili motere. Ndaitanitsa njanji zina, za mizere iwiri mbali iliyonse, umodzi pamwamba pa unzake. Timawilo ta pamwamba timayenda mumzere wakewake, ndiye chitseko chimangopinda pomwepo osakweranso. Zimenezi zimapangidwira magalaja akale otsika. Zikuchokera ku Cincinnati, akuti masabata awiri. Mtengo wake usandifunse. Mwezi uno ugwiritse ntchito ndalama ya mazira.

Ndayambananso ndi Purcell. Lachitatu tikudya m'lole, anandiyang'ana nati, "Iwe wakuphiri, ndikufunse. Mayi ameneyu chitseko chimamulemera?"

Ndinati, "Ayi madala, ndinachikonza ndekha, mwana akhoza kukweza ndi dzanja limodzi."

"Nanga wa tayi uja, njanji za mizere iwiri sazidziwa? Pajatu sitolo yawo imagulitsa."

"Mwina anaiwala."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Anaiwala! Wogulitsa kuiwala katundu wodula! Mwana iwe, anthu aja sakufuna chitseko chikwere. Akufuna iwe utsike."

Ndinamuuza kuti asalowerere za pabanja pa eni, sadziwa mmene timakhalira anthu a kwathu. Anati, "Chabwino bwana, idyani nyemba zanu." Kuyambira tsiku limenelo timangolankhulana za mabawuti. Munthu wamkulu ngati uja kunenera mlongo wako zoterozo! Ndimati ndisakuuze, koma zakhala zikundizungulira m'mutu, ndiye ndati bola ndizilembe zichoke.

Fodya akamera uchotse nsalu yofunditsa nazale masana, madzulo ubwezere. Chisanu cha Epulo chinatiphera nazale chaka chija, usaiwale.

Estill


23 Epulo 1967

Wokondedwa Verlie,

Moni kwa iwe ndi ana, ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndili bwino koma msana ndi mapewa zaphwanya.

Zatheka! Njanji zinafika Lachisanu. Dzulo nditaweruka ndinagwetsa zakale, lero m'mawa ndakhoma zatsopano. Doyle anandigwirira mbali imodzi. Sipuling'i ndaisamutsira kumbuyo chifukwa kutsogolo kulibenso malo. Nditakweza chitseko n'kupisa dzanja, zala zitatu zinalowa, chachinayi n'kutsala pang'ono kulowa. Ndinamuitana Doyle kuti apise lake. Anapisa, nati, "Eya."

Makina, Doyle ndi Maxine anali atagula kale, akhala m'katoni mwezi wathunthu. Ndinawapachika, mtanda wake unadutsa osakhudza thabwa ngakhale limodzi. Mota ndaimangirira pa mtanda umene uli pansi penipeni pa pilo wanga, malo ena olimba panalibe. Palibe kanthu, ndizolowera.

Titamaliza ndinamutuma Doyle akaitane Maxine. Anthu a kutsidya aja anatulukanso kudzaona, mwamunayo atanyamula botolo la mowa. Ndinamupatsa Maxine kabokosi n'kunena kuti, "Dinani, mayi." Anadina. Chitseko chinakwera chokha, myaa, mpaka kugona, osagwedezeka. Wa kutsidya uja anaimba mluzu nati, "Chathu chimalira ngati mphaka wopondedwa. Achimwene, mudzationere chathu."

Ndinatembenuka kuti ndione Maxine. Sankayang'ana chitseko. Ankayang'ana m'mwamba, matabwa aja, ali pomwepo onse, ndi nsonga ya bulangete langa ikuonekera pa mng'alu. Kenaka anayang'ana Doyle. Doyle ankayang'ana nsapato zake.

Ndinati, "Bwanji, chili bwino?"

Anati, "Chili ndi phokoso."

Phokoso! Verlie, wotchi yathu ya pakhoma imasokosa kuposa pamenepo. Anapatsira Doyle kabokosi n'kulowa m'nyumba. Zikomo osanena. Masabata asanu ndi awiri ndakhala ndikugona ndi chitseko chimenechi m'mutu, ndadya buledi wopanda kanthu masana, ndaphwanya Sabata kawiri, ndiye malipiro ake phokoso. Doyle anandigwira paphewa nati, "Wagwira ntchito, mlamu." Mawu ake anali ngati a pamaliro.

Sindikumvetsa anthu a m'tauni. Koma zilibe kanthu, makina alowa, matabwa sanachoke, pogona ndili napo. Mwezi wamawa ndiyambanso kutumiza khumi ndi asanu. Umuuze Junie kuti bambo ake apanga chitseko chomvera.

Tsiku lolambula manda likuyandikira. Uyambiretu kupanga maluwa a mapepala, ofiira achuluke, amayi ako ankakonda ofiira. Ndidzabwera pa galimoto ya Doyle monga chaka chatha.

Mwamuna wako,
Estill


7 Meyi 1967

Verlie,

Moni. Ndili moyo. Ndalama ndaikamo khumi ndi asanu monga ndinanenera.

Ndinkaopa kuti mota izindidzidzimutsa m'mawa uliwonse. Sinandidzidzimutsepo. Chiikireni, galimoto ikugona panja. Poyamba ndinati mwina kabokosi kafa, ndinapita kukafunafuna kuti ndikaone. Ndinakapeza m'dilowa ya kukhitchini, pamodzi ndi zingwe ndi makandulo, kakadali m'pepala lake. Kabwinobwino.

Lachiwiri pobwera kuntchito ndinapeza makatoni anayi pamwamba paja, pafupi ndi bedi. Zokongoletsera za Khirisimasi ndi zovala za m'nyengo yozizira. Lachisanu anali asanu ndi awiri. Kuti ndifike pa bedi ndikuchita kuyenda chammbali.

Dzulo ndinamupeza Doyle akutsuka galimoto pabwalo. Ndinatenga chinsanza n'kuyamba kupukuta mbali inayo.

Ndinati, "Doyle, chitseko chavuta?"

"Ayi, chili bwino."

"Nanga galimoto ikugoneranji panja?"

"Kwayamba kufunda masiku ano."

"Makatoni aja?"

"Ndi a masiku ochepa chabe."

Tinapukutabe. Anapukuta galasi limodzi lomwelo mpaka ndinaopa kuti libooka. Kenaka, osandiyang'ana, anati, "Estill, ukudziwa kwathu sitithamangitsa munthu."

Ndinati, "Ndani wanena zothamangitsa?"

Makutu ake anafiira ngati mmene ankachitira ali mwana akaba shuga.

Verlie, ine sindinatchule mawu amenewo. Anawatchula yekha.

Ndalemba mizere ina apa koma ndaifafaniza, usayese kuiwerenga. Ndi mlongo wako.

Ng'ombe ikabereka undiuze msanga.

Estill


Kwa Mayi Szabo
Dayton, Ohio
21 Meyi 1967

Wokondedwa Verlie,

Moni kwa iwe ndi ana. Uone keyala yatsopano pa envelopu, uzilembera kumeneko. Ine ndili bwino. Chodabwitsa, mutu uja wasiyiratu.

Ndili kwa mayi wina wamasiye wa ku Hungary amene amasunga anthu a lendi. Tilimo awiri m'chipinda, mnzangayo amagwira ntchito usiku ndiye sitionana. Chakudya ndi kabichi tsiku lililonse, amangosintha dzina. Ndaikamo madola asanu ndi limodzi, ndipo zikhala choncho kwa kanthawi. Za malata tiyembekeze fodya. Uike beseni pamene pamadontha paja, ndipo usakwere padenga wekha, ndakupempha.

Malowa anandipezera ndi Purcell. Ndinapita kukamupepesa. Anati, "Ukupepesa chiyani, wakuphiri? Iwe ndiwe munthu woyamba amene ndamuona akulipira ndalama zake kuti asamve zimene akuuzidwa." Ndinafuna kukwiya koma mphamvu ndinalibe. Loweruka lapitalo anabwera ndi lole kudzatenga sutikesi ndi bulangete.

Sindinakangane ndi munthu. Ndinawauza patebulo kuti ndapeza malo pafupi ndi kuntchito. Maxine anati, "Ayi Estill, bwanji msanga chonchi?" ndipo anandiwonjezera nyama, koyamba chibwerereni. Doyle anati, "Palibe amene wakuuza kuti uchoke." Ndinati, "Ndikudziwa, palibe." Ndi zoona, Verlie, palibe. Chimene chikundiwawa n'chimenecho. Akanangoti mlamu, tatopa, pezani kwina, ndikanalira tsiku limodzi n'kunyamuka, ndalama zanga zili m'thumba. Koma pakamwa pa Doyle mpa kwathu, sipangatulutse mawu amenewo, ndiye anakabwereka pakamwa pa munthu wa tayi. Ndipo anaima n'kundigwirira njanji, akudziwa!

Tsiku losamuka iwo anapita kukagula zinthu, kuti asaone. Nditatsitsa katundu ndinasesa pamwamba paja. Kenaka ndinadina batani la pakhoma n'kuwerama kutuluka chitseko chikutsika. Ndinaima panja kuchiyang'ana. Chinatseka bwino, Verlie. Sichinakhule paliponse, pansi sipanatsale mpata woti n'kulowa mbewa. Purcell anati, "Tiye, usachilirire, si mkazi."

Ku manda chaka chino sindibwera. Pa galimoto yake sindingakwere, ndipo ya basi ndilibe. Upalire manda a abambo anga m'malo mwanga, uwauze kuti ndibwera fodya akakhwima.

Tsopano umvetsetse izi. Doyle ndi Maxine afika kumeneko Loweruka likudzali. Usawaonetse nkhope, usafunse kanthu, ana asatchule kanthu. Uphe nkhuku yaikulu ija ya mawanga. Chikondamoyo uphike m'chiwaya chakuda, chidutswa cha pakona umuikire Doyle pambale yake. Ndipo usawayalire pansi kapena kwa ana. Uwapatse chipinda chathu, bedi lathu, ndi chofunda chija anasoka amayi ako. Iwe ugone pafupi ndi mbaula, pamene iye ankagona. Akakana, uumirire. Akati mawa tipita kukagona kuhotela ku Hyden, umuuze kuti pakhomo pa Estill mbale sayezedwa ndi tepi, akhale masiku onse amene akufuna.

Ndikufuna agone pa bedi limenelo, ayang'ane kudenga usiku wonse.

Akafunsa za ine, umuuze kuti timawilo ta pamwamba tija timafuna mafuta kawiri pachaka. Akapanda kuthira, chidzayamba phokoso.

Ndine mwamuna wako,
Estill